ZA PAKHOMO NDI PA ULENDO: Pedulo ya Buleki Ikauma, Ikafewa Kapena Ikamira

 M'mabanja ambiri amene ali ndi galimoto, galimotoyo si yatsopano ayi. Inagulidwa kwa munthu amene nayenso anaigula kwa wina, kapena inafika kuchokera ku Japan itatumikira kale kumeneko zaka khumi, ndipo lero ndiyo imatuta chimanga kumunda, kuthamangira kuchipatala ndi odwala a pamudzi, ndi kunyamula abale opita ku maukwati ndi ku maliro. Galimoto yotere ikamakalamba, eni ake amasamala kwambiri za injini, pakuti injini ikadwala ulendo umathera pakhomo. Mabuleki akadwala galimoto imayendabe ndithu, ndipo n'chifukwa chake matenda ake timawazengereza. Mwezi uno tikambirane za pedulo ya buleki, ndi za chipangizo china chimene amakaniko amachitcha booster, ena amati servo. Chipangizo chimenechi chimasenzetsedwa milandu yambiri imene sichinapalamule, ndipo mabanja amataya ndalama kugula china pamene nthenda ili pena.

Tiyambe tachiona ndi maso. Tsegulani boneti, muyang'ane pa khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, kumbali ya chiwongolero. Mudzaona chitini chachikulu chakuda, chozungulira, chonga mapoto awiri ovundikirana. Imeneyo ndiyo booster. Kumaso kwake kwamangidwa kachitsulo kotalika ngati chikhatho, kosenza kabotolo ka mafuta a mabuleki. Kameneko ndiko master cylinder, ndipo timapayipi tachitsulo timachoka pamenepo kunka ku magudumu onse anayi. Ziwirizi zimakhala moyandikana, koma ntchito zake n'zosiyana, ndipo nkhani yathu yonse yagona pa kusiyana kumeneko.

Master cylinder imagwira ntchito ndi mafuta. Zaka zoposa 350 zapitazo katswiri wa masamu wa ku France, Blaise Pascal, anaonetsa kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa m'chotengera, mphamvu yake imafika paliponse m'chotengeramo mofanana. Motero phazi likakankha pisitoni ya mu master cylinder, mafuta amakankha mapisitoni a ku magudumu nthawi yomweyo, mapadi n'kugwira disiki kutsogolo, ma-lining n'kugwira dramu kumbuyo.

Booster yokha ilibe mafuta m'kati mwake. Imagwira ntchito ndi mpweya. Mwana aliyense wa sukulu amadziwa kuti akayamwa mpweya m'botolo la pulasitiki, botololo limakwinyika. Iye amayesa kuti pakamwa pake ndipo pakulikoka, koma zoona zake n'zakuti mpweya wa kunja ndiwo ukulipsinja, popeza m'katimo mulibenso wolimbana nawo. Mpweya umene tikupumawu umapsinja ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. M'chitini chija muli chikumba cha mphira, chonga cha ng'oma, chimene chachigawa zipinda ziwiri. Injini ya petulo ikamalira imayamwa mpweya kosalekeza, ndipo payipi yakuda ya mphira, yonenepa ngati chala chachikulu, imafikitsa kuyamwa kumeneku m'chitinimo. Mukakhala simunaponde, zipinda zonse ziwiri zimayamwidwa mofanana, chikumba chili phee. Mukangoponda, kavalavu ka m'kati kamatseka njira ya pakati pa zipindazo n'kulowetsa mpweya wa kunja m'chipinda cha kumbuyo, ndipo mpweyawo umakankha chikumba kutsogolo pamodzi ndi phazi lanu. Tiwerengereko pang'ono monga m'kalasi. Chikumba cha masentimita 20 kupingasa chili ndi timabwalo tija pafupifupi 314. Ngati kusiyana kwa zipinda ziwirizo kuli theka la kilogalamu pa kabwalo kalikonse, ndiye kuti booster ikukankha ndi makilogalamu oposa 150, kulemera kwa matumba atatu a chimanga. Nzeru imeneyi si ya lero: Albert Dewandre wa ku Belgium anaikonza m'zaka za m'ma 1920, ngakhale kuti galimoto zing'onozing'ono zinachedwa kuilandira. Achikulire amene anayendetsapo Volkswagen Beetle akukumbukira kuti inalibe booster nkomwe, mwendo wokha ndiwo unali kugwira ntchito.

Injini ya dizilo siyamwa mwa njira imeneyi, chotero ili ndi kapampu kake kapadera. Pa mapikapu ambiri akale a ku Japan kapampuka kamakhala kumbuyo kwa alternator. Lamba wa alternator akaduka pa galimoto yotere, si batire lokha limene lasiya kulandira moto. Mabuleki nawonso ataya mthandizi wake.

Tsono imvani mfundo yaikulu. Popeza ntchito ya booster ndiyo kuwonjezera mphamvu pa phazi basi, ikafa mabuleki safa ayi. Pedulo imangouma gwa, ili pamwamba, ngati mwaponda mwala, ndipo galimoto imaima pokhapokha mutaponda ndi thupi lonse. Koma pedulo ikafewa ngati mwaponda papaya lakupsa, kapena ikamamira pang'onopang'ono kufikira pansi, mlandu kawirikawiri uli ku mbali ya mafuta. Munthu akakuuzani kuti mugule booster chifukwa pedulo yafewa, mumfunse mwaulemu koma mosaopa kuti wayesa motani.

Kuyesa kwake sikulira sipanala kapena tambala. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani buleki ya pamanja, chotsani giya. Injini ili chozima, pondani pedulo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kufikira itauma. Kenaka ipondeni ndi mphamvu yapakatikati, ndi kuliza injini phazi lili pomwepo. Ngati booster ili bwino mudzamva pedulo ikutsikako pang'ono, monga mmene mtolo umapepukira mnzanu akakulandirani. Ikapanda kusuntha, thandizo silikufika. Mukatero lekani injini ilire mphindi ziwiri, muizimitse, mudikireko pang'ono, ndi kuponda katatu mosathamanga. Ulendo woyamba pedulo ipite patali, wachiwiri pafupiko, wachitatu iyambe kuuma. Ikauma pa ulendo woyamba womwe, mpweya ukulowa penapake pamene suyenera kulowa. Kotsiriza, pondani injini ikulira, muizimitse muli chipondere, muwerenge mpaka 30. Pedulo ikhale pomwe ili; ikamabweza phazi lanu m'mwamba, chikumba chabooka kapena kavalavu ka m'kati sikakutseka bwino. Mayeso awa ndi a booster ya mpweya. Galimoto za hybrid, zonga Toyota Prius ndi Aqua, zimathandizidwa ndi pampu ya magetsi, ndipo zimenezo mupite nazo kwa amene anaziphunzira.

Ngakhale mayesowo aonetse vuto, musathamangire ku sitolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi payipi yakuda ija, pakuti pa galimoto yakale ndiyo imayamba kutha. Kutentha kwa injini kumaiumitsa n'kuing'amba kumapeto, pafupi ndi zomangira. Oyilo akamaidonthera imafewa, ndipo imatha kuphwatalala m'kati pamene injini ikuyamwa, kunja ikuoneka yabwinobwino. Ena ikatha amaikapo payipi yothirira mbewu. Imeneyo sinapangidwire kuyamwidwa, ndipo ikatenthedwa imadzitseka yokha. Izuleni payipiyo ku booster injini ikulira, mutatalikitsa malaya ndi zala ku fani ndi malamba, muike chala pakamwa pake: iyamwe chalacho mwamphamvu. Pa payipi yomweyo, kapena pamene ikulowera m'chitini, pali kavalavu kena ka pulasitiki kolola mpweya kupita njira imodzi yokha, kunka ku injini. Kazuleni, mukapukute, mukauzire mbali zonse ziwiri. Kalole mbali imodzi, kakane inayo. Kamphira kamene kavalavuka kamakhalamo nakonso kamang'ambika. Zitatu zonsezi pamodzi mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa booster. Ndipo ngati payipi ili bwino koma ikuyamwa mofooka, odwala ndi injini kapena kapampu ka dizilo, osati mabuleki. Tidziwenso kuti ku mapiri mpweya ndi wopepuka: ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mphamvu yake imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, chotero booster yotopa imene inali kubisa matenda ake kunyanja imaulula msanga kumeneko.

Booster yeniyeni ikatha siisowa zizindikiro. Mumamva mpweya ukulira kuti tsii pansi pa chiwongolero nthawi yonse imene mwaponda. Kamphepo kakafupi pongoponda n'kachibadwa, koma kosalekeza ayi. Injini nayo imanjenjemera kapena kuzima mukaima pa mphambano, chifukwa ikumeza mpweya wosayenera kudzera pa chikumba chong'ambika. Musayese kuchitsegula chitinicho pakhomo, pakuti m'kati mwake muli sipuling'i yamphamvu imene ingathe kuvulaza nkhope.

Apa pali mawu amene ndifuna achinyamata ophunzira kuyendetsa awamvetse, ndi makolo okwera ma minibasi awasunge. Oyendetsa ena anazolowera kuchotsa giya ndi kuzimitsa injini potsika mtunda, ati kupulumutsa mafuta. Kavalavu ka pulasitiki kaja kamasunga m'chitini thandizo lokwana kuponda kawiri kapena katatu chabe. Taganizani tsono galimoto yodzaza anthu ikutsika pa Khwekhwerere popita ku Golomoti, kapena pa Chiweta, kapena pa mapiri otsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Pa khona loyamba buleki igwira, pa lachiwiri igwirako, pa lachitatu pedulo yasanduka mwala, ndipo injini imene ikadathandiza kuchepetsa liwiro ili chete. Pa galimoto zambiri chiwongolero nachonso chimalemera injini ikazima, ndipo kiyi ikapotoledwa kwambiri chimatha kukhomeka. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imatha mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Masekondi awiri a kudabwa ndi mamita 33, ndipo misewu imeneyo ilibe malo otere oti munthu abwerekeko. Petulo wopulumutsidwa pa mtunda wonsewo sangadzaze ngakhale botolo limodzi lalikulu. Wokwera amene wamva injini ili zii potsika alankhule, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chimodzimodzinso pokoka galimoto yakufa ndi chingwe: wokhala kumbuyoyo adziwiretu kuti pedulo idzauma, ndipo wokokayo ayende ngati ali pa perete wa ukwati.

Nanga injini ikazima yokha muli pa mtsetse? Musapope pedulo, pakuti kuponda kulikonse kumadya thandizo lotsalalo. Pondani kamodzi ndi mphamvu zanu zonse, osalekeza. Mabuleki alipo ndithu, angofuna mwendo. Giya musaichotse, ndipo buleki ya pamanja muikoke pang'onopang'ono mutagwira batani lake, kuti magudumu a kumbuyo asakhomeke n'kuipotoza galimoto.

Tibwere ku pedulo yofewa. Mafuta safinyika, koma mpweya umafinyika, ndipo kathovu kakang'ono kakalowa m'mapayipi phazi limayamba lafinya kathovuko lisanakankhe mabuleki. Mpweya umalowa pamene munthu anamasula payipi pokonza, kapena pamene mafuta anatsika m'kabotolo mpaka kuuma. Palinso njira ina yobisika. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka, ndipo akatero amawira msanga. A mtundu wa DOT 3 ali atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi muyeso wake umatsikira ku 140. A DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Woyendetsa akatsika phiri lalitali pa giya yaikulu, phazi lili pa buleki njira yonse, magudumu amatentha, mafuta okalambawo n'kuwira, nthunzi n'kudzaza m'mapayipi, pedulo n'kugwa pansi popanda chogwira. Galimoto ikazizira mabuleki amabwerera, ndipo munthu amati zinali zamatsenga. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo oyendetsa akale anali kunena zoona kuti phiri ulitsike ndi giya imene ukadakwerera. Yang'ananinso timapayipi ta mphira ta pafupi ndi magudumu wina akuponda. Kamene kakutupa ngati chithupsa kasinthidwe tsiku lomwelo.

Kutulutsa mpweya, kumene amakaniko amati kubulida, ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo mnyamata kapena msungwana wa pakhomo angathe kuthandiza: wina aponda ndi kugwira, wina amasula kanati ka ku gudumu n'kukamanganso phazi lisanachoke. Kawirikawiri amayambira gudumu lakutali ndi master cylinder, koma buku la galimotoyo ndilo linene. Kabotolo kasaume ntchito ili m'kati. Ndipo pa galimoto yakale ikani kachipika pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, pakuti kumapeto kwa master cylinder, kumene pisitoni siifikako masiku onse, kumakhala dzimbiri limene limang'amba timphira tabwinobwino.

Pedulo yomira ndi nthenda ina, ndipo kwa ine ndiyo yoopsa koposa, chifukwa imanyenga. Mukaponda modzidzimutsa imagwira bwino. Mukaima pa mzere wa magalimoto phazi lili chipondere, imanka nitsika. Yang'anani choyamba ngati mafuta akudontha: m'kati mwa matayala, kuseri kwa madramu, ndi pa timapayipi tachitsulo tadzimbiri. Ngati palibe podontha ndipo mafuta m'kabotolo sakutsika, timphira ta mu master cylinder tatha, mafuta akungozembera pisitoni m'katimo. Koma ngati mafuta akutsika sabata ndi sabata pamene pansi pali pouma, akupita kuti? Akulowa mu booster, kudzera pa kamphira ka kumbuyo kwa master cylinder. Mudzaona penti yakakamatuka pa chitini kunsi kwa pamene ziwirizi zakumana, pena ndi utsi woyera ku ekizozi, injini ikayamba kuwayamwa mafutawo. Mafuta amenewa amawononga za m'kati mwa booster. Motero nthawi zambiri booster yakufa inaphedwa ndi mnansi wake, ndipo wosintha booster yokha, master cylinder yodontha n'kuibwezera pomwepo, adzagulanso ina. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 galimoto zambiri zili ndi njira ziwiri za mafuta, kuti imodzi ikaphulika inzake igwire pedulo itatsala pang'ono kufika pansi. Njira yotsalayo ndi yokufikitsani pambali pa msewu, osati yopitirizira ulendo.

Pedulo imene imagwirira pansi koma molimba, n'kukwera mukapopa kawiri, kawirikawiri ikunena kuti ma-lining a kumbuyo atalikirana ndi dramu. Afuna kusendezedwa kapena kusinthidwa. Yonjenjemera pansi pa phazi ikunena za disiki kapena dramu losadyeka mofanana. Potsegula dramu musauzire fumbi lake, pakuti ma-lining ena ali ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa.

Tinene kuti mwatsimikiza, booster yafadi. Mabanja ambiri adzagula yochotsedwa ku galimoto ina, ndipo palibe cholakwa, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: penti yatsopano siinena kanthu. Ipendekeni muone ngati mukutuluka mafuta, muifanizire ndi yakaleyo kukula kwake ndi pokhala mabauti, ndipo mupangane ndi wogulitsa kuti ikalephera mayeso atatu aja mudzaibweza. Poimanga pali kanthu kakang'ono kamene kamasautsa ngakhale amakaniko. Kandodo kotuluka mu booster kukakankha pisitoni kali ndi utali wake woyenera. Kakafupika pedulo imayenda patali isanagwire. Kakatalika, ngakhale ndi milimita imodzi kapena ziwiri, pisitoni siibwerera kwathunthu ndipo imatseka kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo. Galimoto imanyamuka bwino, koma ikayenda makilomita angapo mafuta atenthedwa, asowa kothawira, mabuleki n'kudzigwira okha, magudumu akununkha chipserera. Ikazizira imayendanso. Kuti mudziwe, pamene yagwira chomwecho masulaniko pang'ono manati awiri omangira master cylinder ku booster. Magudumu akamasuka nthawi yomweyo, kandodoko ndiko katalika. Amakaniko osamala amayesa utali umenewu asanamange, ndiponso amaonetsetsa kuti kamphira kozungulira ka kuseri kwa kandodoko sikanagwere m'chitini, pakuti kakasowa mabuleki amaluma mwadzidzidzi pongokhudza. Pedulo nayo ikhale ndi kampata ka mamilimita ochepa isanayambe kukankha, monga buku linenera.

Za mafuta oti muthire, werengani pa chivindikiro cha kabotolo, pamalembedwa mtundu wake. Mumamva anthu akusimba kuti m'tchire anathira madzi a sopo nafika kwawo. Madzi amawira pa madigiri 100 ndipo amadyetsa dzimbiri m'mapisitoni onse. Oyilo wa injini ndi mafuta a chiwongolero amatupitsa timphira tonse, kotero kuti kukonza kwake n'kusintha chilichonse cha mphira kuyambira pa master cylinder mpaka ku magudumu. Gulani botolo laling'ono lomata, pakuti lotsegula kale limakhala likumwa chinyezi pa shelefu. Mafutawa amasupula penti ya galimoto, ndipo ndi poizoni. Musawatsanulire m'botolo la zakumwa, muwaike pamene ana sangafikire.

Mwezi wamawa tidzaona za buleki ya pamanja, ndi chifukwa chake mwala woika kuseri kwa tayala sulowa m'malo mwa chingwe chake chikatha.